Mahedifoni a Nkandu

Amene anamuvula mahedifoni aja ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa mu Matero, kuno ku Lusaka, masiku ano anthu amandipatsa mbali yabwino yokhayokha, ngati ndinabadwa ndi nzeru. Ayi ndithu. Dzina langa ndi Hilda, ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo pakamwa pangapa pakhala pakundiika m'mavuto kuyambira ndili mtsikana ku Katete.

Ndasoka kwa Ba Chisala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Shopu yawo ili kuseri kwa msika, chipinda chimodzi chachitali cha malata, muli makina anayi opalasa ndi mapazi, ndi tebulo lalikulu lodulirapo nsalu. Makina oyamba ndi anga, kenako a Karen, a Tiwo ndi a Justina. Timasoka mayunifomu a sukulu, a makwaya, ndi zitenje za pa zikwati. Ba Chisala ndi mayi wolimba, dikonesi kutchalitchi kwawo, ndipo sanadyerepo munthu masuku pamutu. Koma lamulo lawo limodzi linali losakambirana: hafu pasiti seveni m'mawa uliwonse, makina asanalire, timapemphera. Kupemphera kwake osati kong'ung'udza. Timatseka chitseko, timagwirana manja, kasipika kamayatsidwa kuti katsogolere kolasi, kenako aliyense amafuula pemphero lake nthawi imodzi mpaka malata kunjenjemera. Wa mawu aakulu kuposa onse ndinali ine, ndipo ndinkanyada nazo.

Nkandu anabwera mu Febuluwale, wodula nsalu wathu wakale atasamukira ku Kitwe. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wowonda, wochokera ku Chaisa. Pomuyesa, Ba Chisala anamupatsa chitenje chovuta cha mbalame zikuluzikulu, chimene chimakuchititsa manyazi pamsoko, mutu wa mbalame uku, thupi lake uko. Nkandu anachiyala patebulo, anachiyang'ana nthawi yaitali mpaka ine ndinayamba kutsokomola dala, kenako anatenga choko ndi sizasi. Nditalumikiza zidutswazo pamakina, panalibe mbalame ngakhale imodzi yoduka khosi, ndipo nsalu yotsala sikanakwana ngakhale kumangira tsitsi. Ntchito anaipeza tsiku lomwelo.

Zina zonse za iye zinkanditopetsa. Sankayang'ana munthu kumaso. Ukamupatsa moni ankangoti, “Bwino,” basi wathana nawe, osafunsa za ana kapena za kunyumba. Masana ankadya mbatata ziwiri zophika, tsiku ndi tsiku, payekha. Ndipo kumutu kwake sikunkachoka mahedifoni ofiira aakulu, aja amavala anthu ocheka matabwa, opanda waya, opanda nyimbo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wonenepa bwino, mlangizi wa pa chikwati, nanena kuti m'chiuno mwake ndi 36. Nkandu anazunguliza tepi.

“Ni 43,” anatero.

“Iwe mwana, pima bwino.”

“Napima kabili. Ni 43.”

Karen anathawira kuseri kwa ayironi kukaseka. Ine ndinapepesa mayiyo mpaka malovu kuuma, ngakhale kuti diresi yakeyo inamukwana bwino kuposa zonse zimene anavalapo.

Koma chimene chinkandiima pakhosi chinali cha mapemphero. Kukatsala mphindi imodzi kuti tiyambe, Nkandu ankaika sizasi pansi, kutuluka khomo lakuseri, ndi kukaima pafupi ndi diramu la madzi. Tikati “Ameni” pa eyiti koloko, iye uyu walowa. Ba Chisala anamuuza kawiri kuti azikhala nafe. Iye anayankha kuti, “Siningakwanise,” akuyang'ana pansi, ndipo mawa lake anatulukanso.

Apa m'pamene pakamwa panga panayamba ntchito. Ndinati kwa Ba Chisala, anzanga onse akumva, “Imwe ba dikonesi, chinthu chamene chithaba pemphero ni chani? Tisazinamize. Uyu mwana ali na vamene vimugwila.” Ndinanenanso kwa mayi wogulitsa tomato pakona. Ndinanenanso kwa wapampando wa kwaya imene tinkaisokera mayunifomu makumi atatu a chitenje cha nkhunda. Sindinkadana naye Nkandu, mundimvetse. Ndinkaona ngati ndine ndekha wamaso mushopu yonse.

Lachitatu linalake tinapangana zomuthandiza. Ndi mawu amene tinagwiritsa ntchito, kumuthandiza. Nthawi itakwana, Nkandu anaika sizasi pansi n'kupita kukhomo lakuseri, koma anapeza Justina wayima pamenepo, chitseko chokhoma. Tinamuzungulira. Kasipika kanali pamwamba penipeni. Ba Chisala anayamba kolasi, ife kuomba m'manja, ndipo Nkandu anapanikiza mahedifoni ake ndi manja onse awiri, akunena kuti, “Nifuna kuchoka, nifuna kuchoka.” Ine ndinaganiza kuti pemphero silingalowe m'khutu lotseka. Ndinamuchokera kumbuyo, ndinamuzula mahedifoni aja, n'kumugwira mutu ndi manja anga awiri, ndikufuula m'khutu mwake.

Kukuwa kumene anakuwa sindidzakuiwala. Anadzigwetsa pansi, anakwawira kunsi kwa tebulo lodulira, n'kuyamba kudzigwedeza uku akudzimenya m'makutu ndi zikhatho. Ife tinati ndi chimenecho, chayamba kutuluka, ndipo tinakweza mawu. Tinamufuulira mphindi makumi anayi. Titatopa iye sanatuluke. Anakhala kunsi kwa tebulo mpaka masana, kufikira mayi ake atabwera kudzamutenga.

Ba Chisala anawauza mayiwo pakhomo, mosapsa mtima koma mosabisa. “Mumupeleke ku abusa bathu bamupemphelele. Akamasuka, nchito ilipo. Ngati simufuna, pa Mande nizaika munthu wina. Ba kwaya bayamba kale kufunsa ngati manja yamene yadula mayunifomu yao ni yabwino.” Mayiwo anamufunditsa mwana wawo chitenje kumutu, n'kumapita naye pang'onopang'ono.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinadula ndine. Nkhunda zitatu ndinazidula makosi, ndipo Ba Chisala anangondiyang'ana. Lachisanu lomwelo magetsi anazima, jenereta ya wowotcherera zitsulo woyandikana nafe inayamba kubangula, ndipo pofuna mankhwala a mutu m'chikwama changa ndinapeza mahedifoni aja. Ndinali nditawaponyamo Lachitatu osadziwa. Sindikudziwa chimene chinandituma, koma ndinawavala.

Dziko linati zii. Jenereta inapita kutali, makina a Tiwo anasanduka ngati mphaka wogona, ndipo ndinamva mapewa anga akutsika. Ndinakhala choncho mphindi zisanu. Nditawavula, phokoso lonse linandimenya ngati mbama: jenereta, wailesi, makina atatu, anyamata a minibasi akuitanira anthu a ku tauni. Ndinali nditakhala m'phokoso limeneli zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osalimva. Ndinayang'ana chinthu chofiiracho m'manja mwanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakayika ngati ndinali wamaso monga ndinkadzionera.

Loweruka timaweruka masana. Ndinakwera minibasi ya ku Chaisa, ndikudziuza kuti ndikungokabweza katundu wa mwini. Bondo langa lakumanja linali litatupa. Linayamba kundivuta chaka chatha, koma sindinauze munthu, kuopa kuti Ba Chisala angayambe kundiona ngati nkhalamba. Ndinangosintha mwendo wopondera makina mwakachetechete.

Mayi ake a Nkandu ndi a ku Kasama, ndipo anthu amawatchula kuti Bana Nkandu, monga mwa Chibemba. Ndinawapeza akukazinga zitumbuwa pakhomo. Anandipatsa mpando chifukwa ndi munthu woleredwa bwino, koma madzi akumwa sanandipatse.

“Ndimwe munamugwila mutu,” anatero.

“Ndine.”

“Munaona vipsela vili pa manja pake?”

Ndinali nditaziona, timizere takuda kuzungulira pamene pamakhala wotchi. Ndinali nditauzanso Karen kuti zimenezo ndi mphini za kwa sing'anga.

“Ni nthambo,” anatero Bana Nkandu, akutembenuza chitumbuwa. “Anali na zaka naini. Banamumanga ku mpando masiku yabili ati chibanda chichoke. Ine nemwine ninagula nthambo. Machechi seveni, ba Hilda, na ng'anga zibili. Palibe pemphero yamene mungamuchitile yamene sininalipile kale na misozi. Pamene anafika zaka fotini, ba dokota ku chipatala chikulu banatiuza ati ni otizimu. Si chibanda, si kulodzewa, si kufuntha. Ni mwamene anabadwila. Chongo chamene imwe mumvela pang'ono, kuli yeve chili monga misomali. Kumugwila mosamuuza, chimozimozi.”

Ndinafunsa chifukwa chake sanawauze Ba Chisala poyamba pomwe. Anaseka kuseka kowawa.

“Ninakamba ku manchito yabili. Banangomvela zina ya matenda, ati tizamutumila foni. Manje apa ninati ninkhale zii, manja yake yamukambile. Kansi naiyo njila siyenda.” Anapukuta manja pachitenje. “Pali kagulu kathu ka makolo, tikumana ku kiliniki pa mwezi kamozi. Bana bathu bakula, benangu baziba nchito kuchila ise. Koma bonse bali pa nyumba. Uyu ndiye tenze kunena ati onani, wapeza nchito.”

Manyazi amene ndinamva anali otentha kuposa mafuta a m'chiwaya chija. Ndinapempha kuti ndimuone.

Nkandu anali m'chipinda, atakhala pamphasa, akudula nyuzipepala zakale kukhala manja ndi makolala a malaya, n'kumazisanja m'milu yofanana. Mayi ake ananong'ona kuti kuyambira Lachinayi amadzuka sikisi koloko, kusamba, kuvala zakuntchito, ndi kukhala pakhomo mpaka nthawi ya minibasi itadutsa. Sindinayandikire. Ndinaika mahedifoni pansi, pakati pa iye ndi ine, n'kubwerera m'mbuyo.

Anawatenga, anawapukuta mbali zonse ndi kansalu, anawavala, koma khutu limodzi analisiya poyera.

“Nkandu, ninalakwa,” ndinatero. “Unikhululukile.”

“Munanigwila mutu. Ninakamba ati nifuna kuchoka. Ninakamba kasanu.”

“Unakamba. Sininamvele.”

Anapitiriza kudula. Ndinadikira kuti anene kuti palibe kanthu, monga timachitira tonse ngakhale mtima ukuwawa. Sananene.

“Oda ya kwaya ni pa Wenizide,” anatero. “Nindani adula?”

“Ndine.”

“Imwe mudula mokhota.”

Kunena zoona ndinafuna kupsa mtima, koma nkhunda zitatu zija zinali mboni. Ndinamufunsa chimene akufuna iye mwini, osati mayi ake, osati ine.

“Nifuna nchito yanga.”

“Ndiye ubwele pa Mande. Ulembe pa pepala vamene ufuna kuti usebenze bwino. Uzabelenga wekha. Ine nizaimilila pa chitseko, palibe azakugwila.”

Bana Nkandu anakana. Anati mwana wawo wachititsidwa manyazi mokwanira, ndipo sangamubwezerenso kwa anthu amene anamufuulira ali kunsi kwa tebulo. Sindinawatsutse, chifukwa mmodzi wa anthuwo ndinali ine. Koma Nkandu, osadzutsa mutu, anati kwa mayi ake, “Niyenda, mayo,” n'kutenga bolopeni.

Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinawerenga m'mutu makomo onse amene ndinasiyako miseche ija, ndipo ndinawayendera limodzi limodzi. Kwa mayi wa tomato ndinanena kuti ndinanama. Kwa Karen ndinanena kuti zipsera zija si mphini. Kwa wapampando wa kwaya ndinakhala ola lathunthu, iye akundiyang'ana ngati ndaledzera, n'kundifunsa kuti, “Manje ba Hilda, tikhulupilile viti, va last wiki olo va lelo?” Ndinati za lero, chifukwa za sabata yatha ndinazinena ndisanafunse munthu. Sanandilonjeze kanthu. Ndinaona kuti bodza langa linayenda pa minibasi, pamene kulikonza kunkayenda wapansi ndi bondo lotupa. Dzuwa likulowa ndinali nditafika makomo asanu ndi awiri, ndipo mwina atatu okha ndi amene anandikhulupirira.

Lolemba ndinafika seveni koloko. Ba Chisala anali atafika kale, ndipo anandiuza kuti naini koloko kubwera bambo wina wa ku Garden, dzina lake Rex, kudzayesedwa pa tebulo lodulira. Sizasi ya Nkandu anali ataikhomera m'dirowa.

Patapita mphindi khumi Nkandu analowa, mahedifoni kumutu, pepala lopinda kanayi m'manja. Mayi ake anatsala panja, atapinda manja pachifuwa. Karen, Tiwo ndi Justina anasiya zimene ankachita.

“Wayenda ku abusa?” anafunsa Ba Chisala.

“Sanayende, ndipo sazayenda,” ndinayankha ine. “Ba Chisala, uyu mwana alibe chibanda. Ndine ninayamba iyi nkhani, ndine nifuna kuisiliza. Ali na otizimu, ba dokota banapima kudala. Vamene tinamuchita pa Wenizide ni nkhanza, olo tinali kuimba kolasi.”

“Hilda, samala pakamwa.”

“Nachedwa kale kusamala. Ngati ayenda uyu, naine niyenda.”

Ndinkayembekeza kuti mawu amenewa agwedeza shopu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri si masewera. Ba Chisala anangoloza ndi chibwano.

“Chitseko icho.”

Ndinayamba kuganiza za kumene mayi wa msinkhu wanga angakapeze makina ena. Koma ndinali nditalonjeza kuima pachitseko, ndiye ndinapita kukaima pomwepo, phazi limodzi mkati, lina kunja, kuti chisatsekedwe.

Nkandu anafunyulula pepala lake. Anawerenga momveka, akuyang'ana pepalalo basi.

“Zina yanga ndine Nkandu Mutale. Nili na otizimu. Niziba kudula. Kuti nisebenze bwino nifuna ivi. Mahedifoni yasachosewe. Munthu asanigwile. Ngati vinthu vichinja, muniuze mailo yake, osati pamene apo. Ngati nalakwa, muniuze straight, chifukwa va kumaso sinivimvela. Ngati nangena pansi pa tebulo, musakambe, nizachoka nekha. Pa mapemphelo chitseko cha kumbuyo chinkhale chosegula.” Anapinda pepala. “Vasila.”

Ba Chisala anakhala pampando wawo, pafupi ndi tebulo lodulira, n'kupuma mozama.

“Ivo vonse ningavimvele,” anatero. “Koma niuze chinthu chimozi. Iyi shopu ninaipeleka kuli Mulungu pamene inali na mashini imozi chabe. Ngati ulibe chili chonse, uthabila chani pemphelo?”

“Sinithaba pemphelo. Nithaba chongo. Nipemphela ku dilamu.”

“Upemphela chani?”

Ndinafuna kulowererapo, kunena kuti pemphero la munthu si lofunsa. Koma Nkandu anafunsidwa funso, ndipo iye funso amaliyankha. Anatseka maso n'kuyamba kutchula, mwa dongosolo la makina, ndi mawu omwewo amene amatchulira miyezo ya nsalu.

“Ba Karen, mwana apase mayeso ya giledi twelofu. Ba Tiwo, chifuba cha bamuna bao. Ba Justina, bapeze nyumba yamene singena manzi. Ba Chisala, Dalton ayankhe foni.”

Ba Chisala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Dalton ndi mwana wawo wamwamuna yekhayo. Tonse tinkadziwa kuti anapita ku Solwezi, koma mayi ake ankatiuza kuti ali bwino, ntchito ikuyenda. Palibe amene ankadziwa kuti anachoka atakangana nawo pa Khirisimasi ndipo sanalankhulanepo kuyambira pamenepo.

“Nindani anakuuza?” mawu awo anatuluka ang'onoang'ono.

Karen anali atagwada kale, manja m'mwamba. “Yesu! Kansi ni mneneli!”

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. “Iwe Karen, nyamuka! Pa Wenizide chinali chibanda, lelo ni mneneli, mailo muzayamba kumubweletsela odwala. Musiyeni ankhale munthu!”

“Palibe ananiuza,” anatero Nkandu. “Pa teni awazi mutuma foni masiku yonse. Pa foni palembewa Dalton. Simukamba. Muibweza mu chola. Mpando wanu uli pafupi na tebulo yanga.”

Zinali zomwezo basi. Mtsikana amene tinkati sayang'ana anthu anali ataona chimene ife anayi sitinachione. Zaka zonsezi tinkagwirana manja m'mawa uliwonse, aliyense akufuula zake, ndipo ine sindikanatha kukuuzani chimene mnzanga wa kumanja kwanga ankapempha. Zinandiwawa kwambiri kuzindikira zimenezo.

Ba Chisala sanalire pamaso pathu, si munthu wotero. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana foni yawo ili patebulo. Kenako anatulutsa makiyi, anatsegula dirowa, n'kutulutsa sizasi. Anayamba kuipereka m'manja mwa Nkandu, anaima, n'kuiika patebulo kuti aitenge yekha.

“Mapemphelo yathu sitizaleka,” anatero. “Tizapitiliza mwamene tichitila, ni shopu yanga. Koma chitseko cha kumbuyo sichizakomewa futi. Leta iyo pepala.” Analikhoma pakhoma ndi mapini anayi, pamwamba pa kalendala. “Ba kwaya nizakamba nao nekha. Bakachosa oda, bachose. Tiwo, tumila ba Rex ubauze basavutike.” Kenako anatembenukira kwa ine. “Naiwe Hilda, uzaimilila pa chitseko mpaka liti? Nkhunda zako zitatu zija uzazisoka mapilo.”

Nditasuzumira panja ndinaona Bana Nkandu atakhala pa njerwa, chitenje chili kumaso. Sindinawayandikire. Ndinabwerera ku makina anga.

Kwaya sinachotse oda. Mayunifomu anatuluka Lachitatu madzulo, nkhunda zonse zili ndi mitu. Koma panali chinthu chimene chinkandidya mumtima, ndipo mwina mwachiona kale. Makina oyamba ndi anga. Pamndandanda uja Nkandu anayambira pa makina achiwiri.

Ndinapirira masiku atatu, kenako ndinamufunsa pa nthawi ya mbatata zake, nditaima patali, manja kumbuyo.

“Nkandu, ine sinilipo pa pemphelo yako?”

“Munalipo. Ninakuchosani pa Wenizide ija.”

“Uzanibweza liti?”

“Siniziba.”

Munthu wina akanandinamiza kuti ndisangalale. Ndinangonena kuti chabwino. Sindinafunsenso. Ndinangochita zimene zili papepala lija. Oda ikasintha ndinkamuuza dzulo lake. Kasitomala akafuna kumusisita paphewa pomuyamikira, ndinkalowetsa thupi langa pakati. Tsiku lina jenereta itaphulitsa utsi ndi phokoso, iye n'kulowa kunsi kwa tebulo, ndinaloza aliyense chala chapakamwa, ndipo patapita mphindi khumi anatuluka yekha n'kupitiriza kudula pamene analekezera. Bana Nkandu anandiitana ku kagulu kawo ka makolo kuti ndikanene zimene tinachita, zoipa ndi zabwino zomwe, ndipo ndinapita. Kumeneko ndi kumene anthu anayambira kundipatsa mbali yabwino yokhayokha.

Panatha milungu isanu. M'mawa wina wa mu Juni, kukuzizira, bondo linakana kuti ndiime m'bwalo la mapemphero. Ndinanamizira kuti ndikukatunga madzi a ayironi, ndipo ndinatuluka khomo lakuseri ndi botolo, anzanga ali pakati pa kolasi. Nkandu anali pamalo pake, atayang'ana ku mpanda, mahedifoni kumutu. Sanandione. Ndinatsegula chivundikiro cha diramu pang'onopang'ono kuti ndisamusokoneze, ndipo ndinamumva akuyamba, mawu ake apansipansi, opanda kukwera kapena kutsika.

“Ba Hilda, bondo ya ku manja.”

Za bondo limenelo sindinauzepo munthu aliyense. Ndinaima pamenepo, botolo lili m'manja, mpaka anamaliza mayina onse ndipo mkati anati “Ameni.” Nkandu anatembenuka, anandiona, anayang'ana botolo lopanda madzi lija.

“Ni eyiti awazi,” anatero. “Muzachedwa.”

Anandidutsa osandikhudza n'kulowa mkati. Ndinapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje, ndinatunga madzi, ndipo ndinamutsatira ndikutsimphina, osabisanso.